Mmene mungaphatikizire kwaya, vayolini, mbira ndi marimba m'gulu limodzi

Makwaya angapo a anthu athu ochokera ku Malawi muno mu Harare, kaya ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku, anayesapo zimenezi. Mtsikana wina akuphunzira vayolini kusukulu, mnyamata wina amaimba mbira, sukulu yapafupi ili ndi marimba, ndiye wina amati: "Bwanji tiziphatikize zonsezi pa Khrisimasi?" Loweruka masana onse asonkhana, wa kiyibodi wapereka kiyi, aliyense wayamba nthawi imodzi, ndipo chotuluka chake ndi phokoso lopweteka m'makutu. Amayi a sopulano akuloza wa mbira, wa mbira akuloza wa kiyibodi, wa vayolini wangozolika. Mwezi usanathe gulu labalalika.

Kawirikawiri cholakwika chimakhala poyambira. Munthu angathe kukweza kapena kutsitsa mawu ake. Vayolini ndi chelo (mkulu wake wa vayolini, wa mawu apansi) zilibe mipanda pakhosi ngati gitala, choncho chala chimatha kusendera pang'ono. Kiyibodi nayo ili ndi batani losunthira chuni. Koma zitsulo za mbira ndi matabwa a marimba zimalira mmene anazisiyira mmisiri, basi. Chomwe sichingasunthe ndicho chiyenera kutsogolera, ndipo malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Zofunika kukhala nazo

- Mbira imodzi ndi deze yake, chikho chachikulu chija chokuzira mawu. Ikhoza kukhala mbira dzavadzimu ya zitsulo 22 mpaka 28, kapena nyunga nyunga ya zitsulo 15.
- Hosho ziwiri, tizikho ta njere m'kati togwedeza, ndi munthu wodziwadi kuziimba. Osangopatsa mwana amene wasowa chochita.
- Marimba ngati alipo. Poyamba sopulano imodzi ndi tena imodzi zikwanira.
- Vayolini imodzi kapena ziwiri, chelo ngati mwachita mwayi, utomoni wopaka pa uta, ndi nsambo ya E yapadera chifukwa ndiyo imaduka msanga.
- Ng'oma imodzi yokha.
- Oimba pakamwa 12 mpaka 16, mawu onse anayi. Kwaya yonse ya anthu 40 idzalowa pambuyo.
- Foni yokhala ndi pulogalamu yochunira zida yomwe imaonetsa masenti (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa noti), komanso malo ojambulira mawu.
- Kope, pensulo, ndi pepala lalikulu lomata pakhoma.

1. Pemphani chilolezo musanabweretse chida chilichonse

Kwa abale athu Achishona, mbira dzavadzimu ndi chida cha pa bira, mwambo woitana mizimu ya makolo. Kwa ife, mbalule ndi ng'oma ya Gule Wamkulu, amene kuno amamutcha zvigure. M'mipingo yathu muli achikulire amene anasiya za kudambwe polowa Chikhristu, ndipo kumva kamenyedwe kameneko kutsogolo kwa guwa si nkhani yaing'ono kwa iwo. Ngati gulu lanu ndi la mpingo, pitani kwa abusa ndi akulu a mpingo, mukhale pansi, munene kuti: "Abusa, tabwera ndi pempho, mutiunikire." Tchulani chida chilichonse ndi nyimbo imene mukufuna kuimba.

Zimathandiza kukumbutsa agogo kuti sansi ya kumudzi ndi mbale wake wa mbira. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi ngati chuma cha Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Komabe UNESCO siweruza za chikhulupiriro. Akakana, musakangane nawo. Marimba ndi nyunga nyunga, zomwe ana amaphunzira m'masukulu, nthawi zambiri zimalandiridwa mosavuta, ndipo zinazo mukhoza kukaimbira mu holo.

Mufunsenso woimba mbirayo. Pali nyimbo zimene iyeyo sangalole kuzisakaniza ndi nyimbo za m'tchalitchi.

2. Yezani mbira, chitsulo chimodzichimodzi

Chitani izi anthu awiri okha, m'chipinda mopanda phokoso. Tulutsani mbira mu deze, ndipo gwirani ndi chala zitsekerero za mabotolo kapena tizigoba tomwe timanjenjemera, chifukwa foni imasokonezeka nato. Lizani chitsulo chimodzi, muwerenge pafoni, mulembe m'kope dzina la noti ndi nambala ili pambali pake, mwachitsanzo F +30 kapena A -15. Manambala amenewa ndi masenti. Pakati pa makiyi awiri oyandikana pa kiyibodi pali masenti 100, choncho kusiyana kwa 30 kumamveka bwinobwino ngakhale kwa munthu wosaphunzira nyimbo.

Mudzapeza zinthu ziwiri. Choyamba, mbira yonse ikhoza kukhala yokwera kapena yotsika poyerekeza ndi kiyibodi, imene imachunidwa pa A ya 440. Chachiwiri, mipata ya pakati pa zitsulo sifanana ndi ya kiyibodi. Zimenezi si chilema ayi, mmisiri anachuna ndi khutu lake potsata chuni cha kwawo.

Chenjezo: musatenge hamala n'kuyamba kukhoma zitsulo kuti zigwirizane ndi foni. Mbira ya mwini siikhudzidwa choncho, ndipo mukhoza kuiwononga. Ngati gulu likufunadi mbira yogwirizana ndendende ndi kiyibodi, amisiri amapanga zoterozo mukawauza kiyi poitanitsa.

Marimba a kuno, amene anakonzedwa ku Kwanongoma College ku Bulawayo cha m'ma 1960, amachunidwa mu C ndipo ali ndi F# yowonjezera. Ndiye kuti amaimba bwino nyimbo za mu C ndi mu G. Nyimbo ya kwaya ya mu F imafuna B♭, thabwa lomwe pa marimba palibe. Ayezeni nawonso, chifukwa matabwa akale amatsika, makamaka ongosungidwa m'kalasi modontha. Ngati mbira ndi marimba zasiyana kwambiri, musaziimbitse pamodzi. Ina itenge chiyambi cha nyimbo, ina itenge kumapeto.

3. Pezani pamene pali doh

Apa ndi pamene aphunzitsi a kwaya ambiri amagwa. Amatenga chitsulo chotsikitsitsa cha mbira n'kunena kuti ndiye doh, noti yoyamba ya sol-fa. Pa chuni chofala cha nyamaropa, mukakwera kuchokera pa chitsulo chimenecho, noti yachisanu ndi chiwiri imakhala yotsika, pafupi ndi ta osati te. Kwaya ikaimba te yake ya masiku onse, mawu awiriwa amakhulana moipa.

Njira yapafupi ndi iyi: chitsulo chotsikitsitsacho chitengeni ngati soh, ndipo doh akhale noti yachinayi kuchokera pamenepo. Mukatero, manoti a mbira amagwera pafupi ndi d r m f s l t amene kwaya inazolowera. Pa chuni cha gandanga, chomwe ena amati mavembe, yesani kutenga chitsulo chotsikitsitsa ngati me. Ndikuti "pafupi" dala, chifukwa mbira ziwiri za amisiri awiri sizifanana. Choweruza chenicheni ndi khutu: wa mbira alize chitsulo, kwaya ing'ung'udze noti yomweyo ndi milomo yotseka mpaka kugwedera kwa mawu kuja kutha.

Mukapeza doh, imbitsani amayi a sopulano noti yapamwamba kwambiri ya nyimbo yanu, abambo a besi aimbe yapansi kwambiri. Mitsempha ikamatuluka m'khosi, nyimboyo siyoyenera mbira imeneyi. Sinthani nyimbo.

4. Chunani zotsalazo

Makiyibodi ambiri ali ndi malo awiri osunthira mawu: transpose, yomwe imalumpha kiyi yathunthu, ndi tuning, yomwe imasuntha pang'onopang'ono mpaka masenti pafupifupi 50 kukwera kapena kutsika. Yachiwiriyi ndiyo mukufuna. Isuntheni mpaka doh wa kiyibodi agwirizane ndi doh wa mbira, ndipo lembani nambalayo pa kapepala, mumate pa kiyibodipo, chifukwa makiyibodi ena amaiwala magetsi akangozima.

Wa vayolini atenge A yake kuchokera pa kiyibodi yosunthidwayo, kenako achune D, G ndi E monga mwa nthawi zonse. Pakakhala kusankha, kutsitsa nsambo ndi kwabwino kuposa kuzikoka kwambiri.

5. Sankhani nyimbo imodzi, ndipo sankhani njira

Nyimbo imodzi yokha, osati pulogalamu yonse. Pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi kutenga nyimbo ya m'buku la nyimbo za mpingo, wa mbira kapena wa marimba n'kupeka kaimbidwe kotsata makodi ake, manoti olira pamodzi aja. Izi zimatheka pa nyimbo zosavuta za makodi atatu, ndipo marimba amachita bwino pamenepa kuposa mbira dzavadzimu.

Yachiwiri ndi kusiya mbira iimbe mzungulo wake wachikale, inu n'kupeka mizere ya kwaya pamwamba pake. Ine ndimakonda imeneyi, ndipo ndiyo imatulutsa chinthu chomwe anthu sanamvepo. Nyimbo ya mbira ili kale ndi ulendo wake wa mawu apansi, ndipo kuikakamiza kutsata nyimbo ya ku Scotland kumaisandutsa kabelu wongokometsera. Jambulani mzungulowo pafoni, muumvere mobwerezabwereza, mung'ung'udze mpaka mzere utatuluka wokha. Mmodzi atsogolere, gulu livomere, monga timachitira pamtondo kapena pa chinkhoswe. Mawu anayi aja adzabwere pa kuvomerako.

Mukatenga nyimbo ya wopeka amene ali moyo, mupempheni kaye, makamaka ngati mudzalipiritsa pakhomo kapena kuika pa YouTube. Za umwini wa nyimbo kuno zimayendetsedwa ndi ZIMURA, kumudzi ndi COSOMA.

6. Phunzirani mapazi zida zili pansi

Tsiku loyamba lokumana onse, vayolini ikhale m'bokosi, kiyibodi yozimitsa. Imani mozungulira, wa hosho pakati. Aliyense aponde pansi motsata hosho, ndipo pa phazi lililonse anene "ta-ta-ta", tizigawo titatu. Mapazi anayi apanga tizigawo 12. Nyimbo zambiri za mbira dzavadzimu zili ndi magawo anayi oterewa, kutanthauza tizigawo 48 kapena mapazi 16, kenako zimabwerera poyamba. Wa vayolini mukamuuza kuti ndi mabala anayi a 12/8 amva msanga.

Nyimbo zathu zambiri za m'buku zili mu 4/4, momwe phazi limagawika pawiri. Mabala anayi a 4/4 ndi mapazi 16 omwewo, ndiye utali umakwana. Chovuta chili mkati mwa phazi: kwaya ikugawa pawiri, hosho ikugawa patatu. Pamene pali manoti awiri ofanana pa phazi limodzi, aimbeni loyamba lalitali, lachiwiri lalifupi, tizigawo tiwiri ndi kamodzi. Nyimbo za 6/8 zimalowa zokha popanda kuzikonza.

Tsopano chizolowezi chathu cha m'tchalitchi. Tikafika kumapeto kwa mzere timakoka mawu, timapuma, timayang'anana, kenako timayamba wina. Hosho sidikira munthu. Mpweya uyenera kukhala ndi malo ake m'kawerengedwe: ngati noti yomaliza ili ndi mapazi anayi, imbani atatu, lachinayi ndi lopumira. Bwerezani mzere umodzi womwewo mpaka aliyense azilowa pa nthawi osayang'ana dzanja la wotsogolera. Amayi achikulire akadandaula kuti mukuwathamangitsa, chepetsani liwiro la hosho yonse, koma musabwezere kukoka kuja.

Gwirizananinso poyambira pa mzungulo. Woimba mbira akhoza kulowa paliponse ndipo kwa iye zonse zili bwino, pamene wa vayolini amafuna kudziwa pali "wani". Sankhani malo amodzi, ndipo wa hosho azikweza dzanja pang'ono akafikapo.

7. Konzani mawu a nyimbo

Achinyamata ambiri obadwira kuno amalankhula Chishona tsiku lonse, Chichewa amachimva kwa agogo. Musawachititse manyazi. Alankhule mawuwo kaye motsata mapazi asanawaimbe, ndipo mmodzi mwa achikulire amvetsere ph, th ndi kh, chifukwa kampweya kameneko ndiko kamasowa msanga. Popeka mzere watsopano, unenereni kaye pakamwa, muone pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika, chuni chitsate momwemo. M'Chichewa timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, choncho noti yaitali igwere pamenepo. Ngati mukusakaniza zilankhulo, vesi yathunthu ikhale ya chilankhulo chimodzi.

8. Lowetsani zida chimodzichimodzi

Zili ngati kuthira ufa mumphika: mukakhuthula wonse nthawi imodzi, nsima imachita mibulu. Yambani ndi hosho ndi mbira, zizungulire kawiri. Alowe wotsogolera nyimbo yekha. Kenako gulu livomere ndi mawu amodzi. Mawu anayi abwere zimenezi zitakhazikika.

Vayolini imalira m'dera lomwelo la sopulano, ndiye ikamaimba chuni chimodzi ndi amayi, kusiyana kulikonse kumaonekera. Ipatseni mipata imene kwaya yakhala chete, iziyankha mzere umene wangotha, monga amachitira woimba kaligo akamayankha mawu ake omwe. Muuzeni achepetse kunjenjemeretsa chala kuja, chifukwa mbira ili kale ndi kunjenjemera kwake. Kukodola nsambo ndi chala m'malo mwa uta kumagwirizananso bwino ndi zitsulo.

Pansi pamakhala mpanipani wina: abambo a besi, chelo, marimba a besi ndi dzanja lamanzere la wa kiyibodi, onse malo amodzi. Sankhani awiri. Chelo yogwira manoti aatali otsata chala chamanzere cha wa mbira, pamodzi ndi abambo, imakwanira.

Wa kiyibodi ndiye ali ndi ntchito yowawa, yophunzira kukhala chete. Mbira ikamalira, asaimbe makodi athunthu. Noti yapakati pa kodi ndiyo imakhulana kwambiri ndi chuni cha mbira, choncho agwire ziwiri zakunja zokha, monga doh ndi soh. Ng'oma ndi ma beat za mu kiyibodi azizimitse ndithu.

Mbira yachiwiri, yoimba kutsinhira (gawo lotsatira) kotsalira kagawo kamodzi kumbuyo kwa kushaura (gawo lotsogolera la mbira yoyamba), idikire mpaka kwaya italimba. Ikalowa msanga anthu amataya phazi.

9. Lembani mapu amodzi a onse

M'gulu lotere muli anthu a mitundu itatu: owerenga sol-fa, owerenga manoti a pa mizere isanu, ndi oimba ndi khutu. Aliyense asunge njira yake, koma pakhoma pakhale pepala limodzi lowerenga mizungulo: 1 ndi 2 mbira ndi hosho, 3 mpaka 6 vesi yoyamba, 7 vayolini, 8 ndi 9 kolasi, choncho mpaka kumapeto. Wofuna manoti osindikiza akhoza kuwalemba mu MuseScore, yomwe ndi yaulere. Mathero muwakonzeretu, chifukwa nyimbo ya mbira payokha ilibe pothera, imangozungulira. Gwirizanani chizindikiro cha mzungulo womaliza.

Jambulani pulakatisi iliyonse, mutumize pa gulu la WhatsApp. Wa ku Epworth kapena Chitungwiza amene wasowa ya kombi sabata imeneyo asatsalire.

10. Kaimidwe ndi zokuzira mawu

Mbira ndiyo yofooka mawu pa zonse, marimba ndi ng'oma ndizo zamphamvu. Wa mbira akhale patsogolo pakati, wa hosho pambali pake koma kutali pang'ono ndi maiki. Vayolini ndi chelo mbali imodzi, marimba mbali inayo chakumapeto, kwaya kumbuyo mokhota kuti azimvana. Ngati muli ndi maiki imodzi yokha, ipite kukamwa kwa deze. Mu holo ya simenti ndi malata mawu amabwerera kwambiri, ndiye yalani mphasa kapena kapeti pansi pa marimba, ndipo oimba agwiritse timitengo ta mphira wofewa.

Pulakatisi imodzi ichitike popanda magetsi. Gulu lotere lili ndi mwayi woti kiyibodi ikazima nyimbo imapitirira, bola anthu anaziyesapo.

11. Tsiku loimba

Fikani ola limodzi nthawi isanakwane kuti zida zizolowere mpweya wa m'chipindamo. Mu Okutobala musasiye vayolini m'galimoto yotseka kapena pawindo la kombi, guluu wake amasungunuka. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi zala za wa mbira zimauma, azitenthetse kaye. Nthawi ya mvula chikopa cha ng'oma chimalefuka, muiwambe pamoto kapena padzuwa. Chunaninso vayolini mutangotsala pang'ono kukwera.

Zolakwika zofala

Kuyambira pa kiyi ya kiyibodi. Ngakhale magulu amene anamva bwino zonsezi amabwerera ku chizolowezi tsiku limene wa mbira wachedwa. Sungani pafoni kajambulidwe ka doh wa mbira kuti muziyambira pamenepo iye kulibe.

Kubwereka mbira ina pa tsiku lomaliza. Chuni chake chidzakhala china, ndipo ntchito ya miyezi idzapita m'madzi. Chimodzimodzi marimba: amene munayeserera nawo ndi omwewo mukaimbire.

Aliyense kufuna kumveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mnyamata wa marimba amene wakhala mizungulo 6 osagunda amayamba kuona ngati mwamutaya. Mufotokozereni pa mapu paja pamene adzalowe, ndipo mumpatse gawo lake loti aonetse luso.

Kuchotsa zitsekerero za pa mbira ndi timapepala ta pa mipope ya marimba poganiza kuti chida chawonongeka. Kunjenjemerako ndi mbali ya mawu ake. Kukachuluka pa sipika, sunthani maiki.

Kuthamanga pa kolasi. Nthungululu zikangolira ndipo anthu ayamba kuomba m'manja, kwaya imathawa, wa vayolini amatsala. Wa hosho asatengeke ndi omvera, ndipo wotsogolera aziyang'ana iyeyo osati khamu.

Kusalemekeza woimba ndi khutu. Mawu oti "iyeyu sadziwa manoti" athamangitsa oimba mbira abwino. Pa nkhani ya mzungulo ndi liwiro, mawu omaliza akhale ake.

Kusakambirana za ndalama. Nsambo zimagulidwa, marimba amafuna galimoto yonyamulira, ndipo woimba mbira wochokera kunja kwa mpingo mwina ndi ntchito yake yodyera. Gwirizanani pa pulakatisi yoyamba kuti ndani alipira chiyani, msungichuma alembe m'kope, ndipo ya mayendedwe a alendo muiperekeretu tsiku loimba lisanafike.